ZA MABUKU NDI ALEMBI: Fisi Wobvala Nkhope ya Munthu

N'kobvuta kupeza munthu wokulira m'midzi ya a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya kapena a Msoro amene sanamvepo nthano ya namwali wokana amuna. Anyamata onse a pamudzi anamfunsira, iye nawakana, wina ati ngwamfupi, wina ati mapazi ake ngong'ambika. Tsiku lina kunatulukira mlendo wa mano oyera ndi zobvala zonyezimira, wosadziwika kwao, ndipo namwali uja anamlola dzuwa lisanalowe. Ponyamuka ulendo wa kwa mwamuna, kamlongo kake kamphere kanawatsata pambuyo ngakhale anakapirikitsa ndi miyala. Usiku kamnyamatako, posowa tulo cifukwa ca kuyabwa, ndiko kanaona mlamu wake ali kubvula khungu la umunthu monga munthu abvula malaya, anzake a m'thengo nafika kudzanunkhiza mkwatibwi kuti aone ngati wanona. Kwina amati cirombo cija cinali mkango, kwina amati fisi. Potsiriza mwana wonyozeka uja asema ng'oma, alowetsamo mlongo wake, ndipo ng'omayo iuluka nawo pamwamba pa mitengo kufikira pabwalo la kwao.

Mwa ana onse okhala pamoto palibe amene afunsa ngati ng'oma iuluka. Onse adziwa kuti zimenezi sizinacitike, ndipo onse adziwanso kuti nzoona. Pa mwambo wa cikamwini mwamuna ndiye adza kudzakhala kwa mkazi, kumene apongozi ndi amalume aona makhalidwe ake usana ndi usiku. Koma mwana wamkazi wotengedwa kutali ndi munthu wosadziwika mtundu wake alibe womuona. Agogo sangaime pabwalo ndi kunena kuti mkamwini wakutiwakuti ndi cirombo, pakuti pamenepo pangabuke mlandu wa mbuzi. Motero mau aja awabveka cikopa ca fisi, ndipo mdzukulu awamva bwino koposa m'mene akadamvera malangizo.

Owerenga ambiri adzadabwa kumva kuti kanenedwe kotere, koika zosatheka pakati pa zinthu za masiku onse popanda kupepesa, kanabutsa mkangano waukulu pakati pa alembi a ku Ulaya zaka zana zapitazo, ndipo kali ndi dzina lake m'masukulu apamwamba. Akacha Surrealism, liu locokera ku Cifalansa, lotanthauza coona coposa cimene maso aona.

Mizu yake ili m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe ija inatengera amuna ambiri a dziko lino ku mtengatenga, nithera ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pamene mkulu wa asilikari a Germany, von Lettow-Vorbeck, anapereka zida pa 25 November 1918. Ku France, mnyamata wina wophunzira za udokotala, dzina lake André Breton, anagwira nchito m'zipatala za asilikari osokonezeka mitu ndi mizinga, namamvetsera zobwebweta zao. Iye ndi anzake anaturuka m'nkhondo ndi maganizo akuti ngati nzeru zolongosoka za akulu a maiko ndizo zinaphetsa anthu mamiliyoni, ndiye kuti nzeruzo pazokha nzosadalirika, ndipo maloto nawo ayenera kupatsidwa mpando. M'caka ca 1924 Breton anasindikiza ku Paris cikalata cofotokoza njira yatsopanoyi. Anali kulemba maloto ao podzuka m'mamawa, ndiponso kuthamangitsa colembera papepala popanda kuima kapena kukonza, kuti mtima unene zake mutu usanaletse.

Koma gulu limeneli linali bwalo la amuna. Mkazi anamtamanda ndithu, m'ndakatulo ndi m'zithunzi, koma monga cinthu colotedwa, osati monga munthu wolota. Umboni wake uli m'magazini yao yochedwa La Révolution surréaliste ya December 1929. Pa tsamba lina anaika pakati cithunzi ca mkazi wosabvala cojambulidwa ndi René Magritte, ndipo mozungulira anaika nkhope za amuna 16 a m'gululo, onse atatsinzina. Pa nkhope 16 zimenezo panalibe ya mkazi ngakhale imodzi. Anyamata amene anati adzagwetsa miyambo yonse ya makolo ao anausunga bwino lomwe mwambo umodzi uwu.

Mmodzi wa akazi amene anakana kukhala loto la munthu wina ndiye Leonora Carrington, wobadwa m'caka ca 1917 ku Lancashire, m'dziko la England. Atate wake anali mwini cuma wa mafakitale a nsalu. Amai wake ndi mlezi wake anali a ku Ireland, ndipo ndiwo anamdyetsa nthano za kwao ali wamng'ono. Pakati pa olemera a ku England panali mwambo wakuti mtsikana akakula ankamuonetsa kunyumba ya mfumu, nampangira madansi aakulu kuti mabanja a cuma amuone ndi kumsankhira mwamuna. Leonora anapitikitsidwa m'mwambo umenewu mosafuna, ndipo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anabwezera ndi kankhani kakafupi kochedwa The Debutante.

M'kankhaniko mtsikana apalana ubwenzi ndi fisi wa kumalo osungirako nyama. Pofika tsiku la dansi limene amai wake amkonzera, iye apempha fisiyo kuti akapite m'malo mwake. Diresi limkwana, nsapato zazitali aphunzira kuyenda nazo, magolovesi abisa zikhadabo, koma nkhope ndiyo ibvuta. Fisi apereka nzeru yakuti aphe mtsikana wanchito wa m'nyumbamo, amudye, ndi kubvala nkhope yake. Ndipo mwana wa olemera uja abvomera mosabvuta konse, natembenukira kukhoma kuti asaone. Fisi apita kuphwando, mwini dansi natsala m'cipinda ali kuwerenga buku. Cimene ciulula cinsinsi ndi fungo. Alendo atayamba kudandaula, cinthu cija ciimirira patebulo, cing'amba nkhope yobwereka ija, ciidya, ndi kulumphira pazenera.

Munthu wa ku Mfuwe, amene amamva fisi akulira kuseri kwa khola, sasowa mphunzitsi womasulira nkhani imeneyi. Ndi mbale wake wa nthano ya namwali wokana amuna, koma atatembenuzidwa: kuno cirombo cibvala umunthu kuti cinyenge mtsikana, uko mtsikana ndiye atuma cirombo kuti cikanyenge akulu. Ndipo pali cina cimene mlembi sanacinene ndi mau koma anacisiya poyera. Pa anthu onse a m'nyumba yaikulu ija, amene analipira ufulu wa mwana wa bwana ndi moyo wake ndi wanchito, ndipo palibe anamlira. Akadalemba kalata yodandaula za mwambo wa madansi, bwenzi itaiwalika kalekale. Fisi wake akali kuwerengedwa.

Moyo wa Carrington sunali wa masewera. Nkhondo yaciwiri itayamba, bwenzi lake Max Ernst, wojambula wa ku Germany, anagwidwa ku France, ndipo iye anathawira ku Spain, kumene mutu unamsokonekera. M'caka ca 1940 anamtsekera m'cipatala ca amisala ku Santander, nambaya mankhwala ochedwa Cardiazol, ogwetsa munthu ngati wakhunyu. Zimene anaona kumeneko anazisimba m'buku la Down Below. Pambuyo pake anakakhazikika ku Mexico, kumene anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 94. Buku lake lokondedwa koposa, The Hearing Trumpet, limene linaturuka m'Cifalansa mu 1974 ndi m'Cingelezi mu 1976, lisimba za nkhalamba yogontha ya zaka 92, Marian Leatherby. Mnzake ampatsa lipenga loika kukhutu, ndipo mau oyamba ofunika amene amva nalo ndi a abale ake akupangana zokamtaya kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko nyumba zina nzooneka ngati nsapato, zina ngati bowa, ndipo nkhalamba zija potsiriza ziukira oziyang'anira. Nkhaniyo njoseketsa, koma aliyense amene anaonapo agogo akusiyidwa okha m'kanyumba kothonya adziwa pamene ilasa.

Ku cisumbu ca Martinique, kwa zidzukulu za akapolo ocokera ku Africa, kunali mphunzitsi wamkazi, Suzanne Césaire, amene pamodzi ndi mwamuna wake Aimé Césaire ndi René Ménil anayambitsa magazini ya Tropiques mu 1941. Iye anaona m'kalembedwe aka cida ca anthu akuda codzimasulira naco ku khalidwe lotsanzira Azungu, ndipo mu 1943 olamulira a cisumbuco anailetsa magaziniyo kwa kanthawi. Analembamo nkhani zisanu ndi ziwiri. Itatha 1945 dzina lake silinaonekenso pa zosindikizidwa; analera ana asanu ndi mmodzi, naphunzitsa sukulu, namwalira mu 1966. Sewero limene analemba linatayika. Mwamuna wake adziwika dziko lonse lapansi.

Kufupi ndi kuno, mlembi amene analowa mozama m'dziko la usiku ndiye Bessie Head. Sanali wa m'gulu la Breton, ndipo sanaphunzire njira imeneyi kwa wina aliyense. Moyo ndiwo unamkankhiramo. Anabadwa mu 1937 m'cipatala ca amisala ku Pietermaritzburg, amai wake ali Mzungu wotsekeredwamo, atate wake munthu wakuda. Anacoka ku South Africa mu 1964 nakakhala ku Serowe, m'dziko la Botswana, kumene anatha zaka 15 wopanda dziko lomucha mwana wake, kufikira anapatsidwa unzika mu 1979. M'buku lake la 1973, A Question of Power, mkazi wochedwa Elizabeth akhala m'mudzi wa Motabeng ndi kamwana kake kamuna. Usiku amuna awiri, Sello ndi Dan, aonekera m'cipinda mwake, namzunza ndi masomphenya a uve ndi nkhanza kufikira agwa. Kukaca apita kudimba la cigwirizano, kukafesa, kuokera ndi kuthirira ndiwo zamasamba pamodzi ndi mnzake Kenosi. Mlembi salekanitsa ziwirizi ndi mpanda, ndipo wowerenga nthawi zina sadziwa ngati Sello ali pampando ndi munthu kapena ndi mthunzi. Ena anati bukulo nlosokonezeka. Koma munthu wouzidwa ciyambire ubwana wake kuti sali Mzungu, sali wakuda, sali wa kuno, sali wa uko, sakadatha kunena ululu umenewo ndi ziganizo zoyenda pamzere ngati ana a sukulu. Cimene cimcirikiza Elizabeth kuti asamire ndi dimba lija, ndipo pamenepo mlimi aliyense adzambvomereza Bessie Head. Anamwalira ku Serowe mu 1986.

Zambia nayo ili naye wake. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, anapambana mphotho ya Caine mu 2015, nagawana ndalama zake ndi anzake amene anapikisana nawo. Buku lake lalikulu, The Old Drift, la 2019, lisimba mbiri ya dziko lino kucokera pa kamudzi ka Azungu oyamba pafupi ndi Mosi-oa-Tunya, kupyola pa kumangidwa kwa damu la Kariba, kufikira masiku a mtsogolo. Lili ndi agogo atatu. Wina ndi wa ku Italy, wa tsitsi lomera thupi lonse losaleka kukula. Wina ndi wa ku England, wakhungu. Wacitatu ndi Matha, amene mlembi anamtenga pa mtsikana weniweni, Matha Mwamba, wa m'gulu la a Edward Mukuka Nkoloso lofuna kupita kumwezi mu 1964. M'bukumo Matha, atasiyidwa ndi mwamuna, alira misozi yosaphwa zaka makumi. Ndipo pakati pa mitu ya nkhani, olankhula ndi udzudzu, woseka anthu ndi nzeru zao. A ku Mambwe, odziwa malungo m'mene aphera, sangatsutse kuti udzudzu uli ndi gawo lake m'mbiri ya dziko. Bukuli linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020.

Mkazi wolira kosaleka, mkazi wokutidwa ndi tsitsi, kacirombo kolankhula: zonsezi agogo a m'mbali mwa Lupande ndi Luangwa angazilandire osagwedeza mutu, pakuti ndi zipangizo zao zomwe. Ndipo si m'nthano mokha. Pamtondo mkazi anali ndi ufulu woimba zimene sakadanena kwa mwamuna kapena kwa mpongozi, ndipo anaziimba mokuluwika, mwamuna atasanduka mbalame yosamanga cisa, mkazi mnzake atasanduka minga ya panjira. Mudzi wonse unali kumva, woimbidwayo namva, koma mlandu panalibe. Leroy Vail ndi Landeg White, amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Zambia, anaonetsa m'buku lao la 1991, Power and the Praise Poem, kuti nyimbo za vimbuza za akazi Acitumbuka zinasunga madandaulo a akazi osiyidwa ndi amuna opita ku migodi, mbiri imene mabuku a boma la atsamunda sanailembe. Mzimu ukalankhula m'kamwa mwa mkazi, mwamuna amakhala cete.

Tsono apa ndipo pali bvuto. Cigayo cinapeputsa msana wa amai, ndipo palibe wanzeru angafune kuti cicoke. Koma mtondo ukagona, nyimbo zake zigona nawo. Madzulo ana aunjikana pa foni ya mkulu wao. Ndipo pamene nthano zinayamba kulowa m'mabuku ndi pa wailesi, zinalowa ndi maina a amuna. Samuel Ntara anasindikiza Nthondo mu 1933. John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya mbalame yoimba kuulula mbanda. Julius Chongo anagoneka dziko lonse mocedwa ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Onsewa anali akatswiri, ndipo ulemu wao ngwoyenera. Koma mbalame yoimba mlandu inali m'kamwa mwa akazi zaka zambiri isanafike kwa osindikiza, ndipo wofufuza pa mashelufu a mabuku akale a Cinyanja adzatopa asanapeze maina a akazi okwana zala za dzanja limodzi. Cinacitika ku Paris cinacitikanso kuno, kungosiyana cinenero.

Virginia Woolf, mlembi wa ku England amenenso anaphwanya kalembedwe kakale, ananena m'buku lake la 1929, A Room of One's Own, kuti mkazi sangalembe popanda ndalama zake ndi cipinda cake, ndipo anachula mapaundi 500 pacaka. Mtsikana wa kwa Mnkhanya sapempha zoculuka cotero. Akaweruka kusukulu pali madzi, nkhuni, mwana wa kumsana ndi thonje lotola. Nyengo ya mapira banja ligona kumunda kupirikitsa njobvu. Mlongo wake wamwamuna apeza nthawi yokhala ndi buku pansi pa mtengo. Iye cimene asowa ndi kope limodzi losakhala la sukulu, nyali, ndi ola limodzi losaitanidwa.

Asowanso cinthu cina cobvuta kupereka koposa nyali. Mwana wamkazi akalemba cimangirizo cakuti amai wake omwalira anabwera usiku atasanduka nkhwali nadzakhala pa nkhokwe, kawirikawiri alandira mayankho awiri, ndipo onse ngoipa. Kusukulu auzidwa kuti alembe zoona, zokhala ndi ciyambi, pakati ndi mathero. Kunyumba akulu ayang'anizana, wina nanong'ona kuti mwanayu pali cimene cimyendera. Mantha aciwiriwa si ocepa. Nkhalamba zambiri zaleka kusimba maloto ndi nthano za usiku poopa kulozedwa cala, ngakhale lamulo la dziko lino lonena za ufiti, limene linakhazikitsidwa mu 1914, liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Carrington anatsekeredwa ku Santander, Bessie Head anagonekedwa m'cipatala ca Lobatse. Mkazi woona zacilendo sacedwa kupatsidwa dzina, kulikonse kumene ali. Koma mwana wolemba za nkhwali ija sali wamisala kapena wolodzedwa. Ali kulira maliro m'njira yokhayo imene waipeza, ndipo mphunzitsi wocenjera angamfunse kuti nkhwaliyo inacita ciani itatera, m'malo momlemba mzere wofiira.

Izi sizitanthauza kuti ciri conse cacilendo ndi luso. Zambiri zimene Breton ndi anzake analemba mothamangitsa colembera lero ziwerengedwa ndi ophunzira okha, pakuti loto la munthu wina limatopetsa ngati mulibe kanthu. Zolemba za akazi aja zakhalitsa cifukwa pansi pa zodabwitsazo panali bala lenileni: ukwati wokakamiza, cipatala cokhoma, kusowa kwao. Agogo nawonso sabwebweta. Nthano yao ili ndi malamulo ake olimba: nyimbo ibwera katatu, wonyozeka ndiye apulumutsa, ndipo omvera akaleka kuyankha kuti ali tonse, wosimba adziwa kuti wataya njira. Mtsikana wofuna kulemba aphunzire malamulo amenewo poyamba, kuti podzawaphwanya adziwe cimene aphwanya.

Nchito yoyamba njosafuna ndalama. Banja lililonse lokhala ndi mwana wodziwa kulemba lingamkhazike pafupi ndi agogo ake aakazi, alembe nthano m'mene ituruka m'kamwa, kapena aijambule mau pa foni ngati ilipo. Ngati agogo asimba m'Cikunda kapena m'Cinsenga, ilembedwe momwemo, osaiwongolera ku Cinyanja ca m'kalasi, ndipo zosamveka asazicotse poganiza kuti nzolakwa. Pamwamba pa tsamba palembedwe dzina la wosimba, mudzi wake, mfumu yake ndi caka. Nyengo yabwino ndi ya June ndi July, zokolola zitalowa m'nkhokwe, pamene usiku utalika ndipo anthu asonkhana pamoto cifukwa ca mphepo.